Kuchokera kwa Maseya Kunka ku Blantyre

Abale anga a kwa Maseya, ndifuna kukusimbirani za ulendo wanga wa ku Blantyre, pakuti zimene ndinaona kumeneko zikhudza minda yathu kuno kuchigwa.

Ndinakwera galimoto pa Bereu m'mamawa. Titaoloka Shire pa mlatho wa Kamuzu ndi kupitirira pa Thabwa, tinayamba chitunda chokhotakhota chija. M'menemo tinapeza anyamata alikukankha njinga zosenza matumba a makala, thukuta lili kamukamu. Sindiwanyoza ai, nawonso afuna kudya. Koma mapiri amene adutsamo ayera mbee. Makala ankera anthu a m'tauni, dothi la m'phirimo litsikira ife.

Mu mzindamo ndinaima pa mlatho wa Mudi. Ha! Madzi akuda bii, fungo losaneneka, majumbo ndi mabotolo zitakodwa m'mbali monse. Zinyalala zimene magalimoto atola amakataya ku Mzedi, koma zambiri sizifikako. Boma linaletsa majumbo opyapyala mu 2015, komabe ndinawaona. Tsono kumbukirani kuti Mudi athira m'Likhubula, ndipo Likhubula athira m'Shire yemweyu amene timwetsako ng'ombe ndi kuthirira madimba.

Madzulo mbale wanga ananditengera ku Chilobwe, patsinde pa phiri la Soche. Apo m'Malichi 2023, pa namondwe wa Freddy, matope ndi miyala zinakumuka kuphiri ndi kukwirira nyumba, anthu ambiri nafa. Nyumbazo zinamangidwa potsetsereka, pamene kale panali mitengo, popanda ngalande zolongosoka. Ndinakhala chete ndithu. Ife za madzi sitichita kuuzidwa: tinaona chigumula cha Januwale 2015, ndi cha Ana mu Januwale 2022 chimene chinaononga damu la Kapichira, magetsi nazima m'madera ambiri. Koma sindinaganizepo kuti ndi wokhala paphiri yemwe angafe ndi madzi.

Pobwera ndinayang'ana Bereu ndi maso ena. Masitolo alikuchuluka, yense amanga pamene wakonda, ena pa njira ya madzi yeniyeni. Makoko a chimanga, masamba ovunda ndi majumbo zili mulu umodzi kuseri kwa msika. Nayenso Blantyre anayamba ngati kamudzi.

Ndakambirana ndi anyakwawa ndi amayi ogulitsa pamsika. Tagwirizana kukumba maenje awiri mvula isanagwe: lina la zovunda, kuti tipange manyowa a kudimba, lina la majumbo ndi mabotolo. Za malo omangapo nyumba sitinamvane, pakuti ena anagula kale malowo ndi ndalama zao; nkhaniyo yapita kwa mfumu. Ofuna kuona makumbidwe a dzenje la manyowa abwere Lachiwiri m'mawa, yense ndi khasu lake.