Mlendo wa pa Limba

Limba la zitoliro silimva za munthu. Mau ake amakhala m'mene anaŵasiyira amisiri. Kukatentha amakwera pang'ono, kukazizira amatsika. Tsono oliza vayolini akakumana nalo, ndi iwo amene amapotokola zikhomo zao mpaka nsambo zitagwirizana nalo. Agogo anga kumudzi amakunga kaligo potsata mmero wao. Kuno mmero ndi wa mwini limba.

Loŵeruka lapitali, m'tchalitchi china m'tauni, gulu la anthu khumi ndi aŵiri linachita zomwezi. Si akatswiri ai. Masana ndi aphunzitsi, anamwino ndi makalaliki. Zoimba amaphunzira madzulo akaŵeruka. Katswiri anali mmodzi yekha, mlendo amene anamuitana kudzaliza limba.

Anasankha nyimbo ya Handel, Mjeremani uja anakhazikika ku London. Mu 1735 iye anayamba kuliza nyimbo zotere ku Covent Garden pofuna kusangalatsa anthu pa nthaŵi yopumira, ndipo zisanu ndi imodzi zinasindikizidwa mu 1738. Kapangidwe kake sikachilendo kwa ife: limba limatsogolera, nsambo nkumapolokozera, ngati amai pamtondo. Malo ena Handel sankalembapo kanthu, kuti woliza adzazemo za m'mutu mwake.

Mnzanga amene ndinapita naye sanakondwe. Akuti mavayolini a kumbuyo ankaphonya, ndipo akadakhala m'chipinda mwake akadamvera nyimbo yomweyo yojambulidwa ndi akatswiri, yopanda banga. Zoti ankaphonya nzoona. Pamene nyimbo inathamanga, bambo wina wa imvi anatsalira, uta wake ukukwera anzake akutsitsa, thukuta lili kamukamu.

Koma mnzangayo sanaone chimene mlendo anachita. Munthu wa pa limba amafulatira anzake, amaŵaonera pa kagalasi kakang'ono. Ndi zitoliro zonse zija akadatha kuŵamiza onse khumi ndi aŵiri, ife nkumuombera m'manja osadziŵa kanthu. Iye anatseka zitoliro zaphokoso, nasiya zofatsa zokhazokha. Itafika ndime yake ya yekha anaikoka pang'ono, naimaliza mochedwetsa, maso ali pa galasi, mpaka bambo uja atapeza mzere wake. Onse analoŵa pamodzi.

Zimenezi m'nyimbo yojambulidwa simungazimve, chifukwa kumeneko wotsalira amamuchotsa nkujambulanso. Ife a pa koleji pano tazoloŵera kuyesa chinthu poŵerenga zolakwa zake. Ngakhale ndakatulo zathu Lachinai madzulo timazisenda chomwecho, mwini wake ali chete pakona. Sindikuti tileke. Koma ndikadakonda kudziŵa kuti mwa ife odziŵa kulemba, ndani adachedwetsapo ndime yake kudikira mnzake.

Pomaliza anaimba Adagio ija amati ndi ya Albinoni, chonsecho anaitulutsa ndi Remo Giazotto mu 1958. Ndi yoyenda pang'onopang'ono, ndipo palibe anatsalira.