Thanki ya nsomba pakhomo pa munthu wa pa msewu

Madalaivala anzanga ndi amayi a geni, amene mukufuna kuika thanki ya nsomba pabalaza, ganizirani kaye kuti masiku ambiri simukhala pakhomo. Nsombazo zidzakhala m'manja mwa amene mwawasiya. N'chifukwa chake ine ndinasankha thanki yaikulu, ya malita 400, yotalika mita imodzi ndi theka. Madzi ambiri sachedwa kutopetsa potunga, koma amachedwa kuwonongeka. Kathanki kakang'ono mwana akathiramo chakudya chochuluka, mawa lake nsomba zayandama.

Za kulemera ife sikelo ya pa msewu inatiphunzitsa kale. Lita imodzi ya madzi ndi kilogalamu imodzi. Mukaphatikiza galasi, mchenga ndi miyala, mwafika theka la tani. Tebulo la pabalaza silingasenze zimenezo. Ndinapita kwa owotcherera kuti andipangire choikapo chachitsulo, n'kuchikhazika pa simenti posapendama.

Madzi a pampopi ali ndi chlorine, ndiye pamafunika mankhwala ochotsera. Kenako mumayatsa fyuluta n'kudikira masabata 4 mpaka 6 mulibe nsomba, mukungoponyamo kachakudya pang'ono. Pa nthawiyi mu siponji ya fyuluta mumaswana mabakiteriya amene amathetsa poizoni wochokera ku ndowe za nsomba. Apa ndi pamene ambiri amataya ndalama: thanki Loweruka, nsomba Lamulungu. Ine ndinadzaza madzi, ndinapita ulendo wa Johannesburg kawiri, kenako ndinayamba kuika nsomba pang'onopang'ono.

Nsomba zake ndinasankha mbuna. M'mashopu a ziweto ku Johannesburg mukaona zachikasu ndi zabuluu zija, zodula bwino, zambiri ndi mtundu wa m'miyala ya nyanja yathu, ku Nkhata Bay, Likoma ndi Cape Maclear, kungoti zinaswedwa m'mathanki. Zimafuna madzi ofunda, madigiri 24 mpaka 28, choncho hita ndi yofunika m'miyezi ya Juni ndi Julayi. Ndi nsomba zolimba koma zandewu. Yamphongo imalanda phanga lake n'kumathamangitsa aliyense woyandikira, ndiye muunjike miyala yambiri yokhala ndi mobisala, ndipo yamphongo imodzi ikhale ndi zazikazi zitatu kapena zinayi. Woyamba kumene ayambe ndi zachikasu zotchedwa yellow lab, zofatsirapo kusiyana ndi zinzake.

Musasakanize chifukwa chokongola. Goldfish imakonda madzi ozizira ndipo mbuna zidzaibudula zipsepse. Oscar, ya ku South America, imakula mpaka masentimita 30 n'kumameza chilichonse chokwana m'kamwa mwake. Komanso mbuna zambiri kunyanja zimadya ndere za pamiyala. Zipatseni chakudya chokhala ndi spirulina. Chanyama chikachuluka zimatupa mimba n'kufa.

Chimene chimandisangalatsa kwambiri n'chakuti yaikazi imasunga mazira m'kamwa pafupifupi masabata atatu osadya, ngati mmene chambo chimachitira. Auzeni akunyumba zimenezi, angakuimbireni foni muli pa Tete kuti nsomba yadwala.

Tsono za pa boda. Nsomba yamoyo si katundu woti n'kubisa kuseri kwa mpando. Imafuna zilolezo za boma mbali zonse ziwiri, ndipo mu jumbo ya mpweya singapirire mzere wa masiku pa Beitbridge, kenako Nyamapanda, kenako Mwanza. Gulani nsomba m'dziko momwe muli thanki, kwa ogulitsa ovomerezeka. Ku Cape Maclear nako ndi malo otetezedwa kuyambira 1980, si kokatapa mbuna ndi ndowa. Zoyenera kunyamula ndi fyuluta, hita, chakudya ndi pampu ya mpweya ya mabatire, imene imapulumutsa nsomba magetsi akazima. Galasi lalikulu lokha ndi bwino kumangitsa kwanu komweko. Mabampu a pa msewu sagwirizana nalo.

Ndikamanyamuka, chakudya ndimachigawa m'timapepala, kamodzi tsiku lililonse, botolo n'kulitsekera mu kabati. Pakhoma ndinamata pepala la mayi a kunyumba ndi ana: Loweruka lililonse chotsani ndowa zisanu za malita 20, thiranimo madzi atsopano okhala ndi mankhwala aja, siponji muitsukire m'madzi ochotsedwawo osati pampopi, ndipo pulagi ya fyuluta isazulidwe pofuna kutchaja foni.