Pa Gombe la Luanda

Pa 31 May 1854 David Livingstone anafika ku Luanda atafooka ndi malungo ndi kamwazi, pamodzi ndi amuna 27 amene Mfumu Sekeletu anampatsa ku Linyanti. Angerezi anamdandaulira kuti akwere combo, akaone mkazi wace ndi ana. Munthu wotopa cotero, ndani akadamdzudzula? Koma iye anali atalonjeza kubweza amunawo kwao, ndipo paokha sakadapyola maiko a mafumu olipitsa njira. Tsono mu September anatembenukira kum'mawa.

Combo cimene cinatenga makalata ace, Forerunner, cinamira pafupi ndi Madeira. Atamva mbiriyo, anakhala pansi ku Pungo Andongo nawalembanso, amuna aja alikumdikira.