CHIFUWA CHANGA NDI NYENGO ZA KU JONI

Abale anga a m'migodi, ambiri a inu mumandidziwira pa zenera la ofesi, pamene mumandiitana kuti Mabalane pofuna kuti ndikulembereni masiku a tchuthi kapena ndikuwerengereni pepala la malipiro. Ena mwandifunsapo za kachitini kabuluu kamene sikachoka m'thumba la jekete langa. Tsono ndapempha malo m'nyuzi yathu ino kuti ndikuyankheni nonse pamodzi.

Ine ndiri ndi nthenda ya mphumu. Inandiyamba ndiri mwana kwathu ku Dedza, ndikuphunzira pa sukulu ya mishoni, ndipo masiku a chisanu amayi ankandiwiritsira masamba a bulugamu kuti ndifukize. Tonse tinkayesa kuti ndikakula idzatha yokha. Siinathe, ndipo adokotala anandiuza poyera kuti mankhwala oichotseratu palibe, koma oigonetsa alipo.

Ndinafika kuno m'chaka cha 2021 ndi mtima wotsika pansi, pakuti ndinamva za bonasi ya anzathu a m'mgodi. Koma nditauzira mpweya m'makina oyesera mapapo, adokotala anapukusa mutu, ndipo m'malo mwa chipewa cha nyali ndinalandira cholembera. Usiku umenewo ndinalira, sindibisa iai, chifukwa ndinali nditalonjeza amayi nyumba ya malata.

Chichokere nthawi imeneyo chifuwa changa ndicho chimandiuza mwezi umene tiri. Dziko lino ndi lokwera kwambiri. Johannesburg ali pa mamita oposa 1,700 kuchokera pa nyanja yamchere, kuposa ngakhale Dedza wathu. M'miyezi ya Juni ndi Julayi udzu umacha uli mbuu ndi chisanu, mpweya uli wouma, ndipo utsi wa malasha ndi nkhuni wochokera m'malokeshoni sukwera kumwamba, ungoyala pansi mpaka dzuwa litatentha. Ikafika Ogasiti mphepo imanyamula fumbi lachikasu la pa mapiri a mchenga wa mgodi ndi kulilowetsa m'zipinda, ngakhale m'mafaelo anga a mu ofesi. Munthu wa mphumu akapuma zotere, tinjira ta mpweya m'mapapo mwake timatupa m'kati, timafinyika, ndi kudzala makhololo. Ndiye mluzu uja mumaumva ndikamakuwerengerani mapepala anu.

Ku chipatala anandipatsa mapampu awiri. Yabuluu imatsegula tinjira tija msanga pamene mpweya wabanika. Yabulauni siichita changu, koma ndiyo imaletsa kutupa, ndipo iyenera kupopedwa tsiku ndi tsiku, m'mawa ndi madzulo, munthu n'kutsuka m'kamwa pambuyo pake. Apa ndipo ndinachita uchitsiru. Dzinja loyamba lija ndinapeza bwino, ndinkagona osatsokomola, ndipo ndinati m'mtima mwanga, ndachira ine. Yabulauni ija ndinaiponya m'sutikesi.

Usiku wina mu Julayi 2022 ndinadzuka ngati wina wandikhala pa chifuwa. Ndinapopa yabuluu kangapo koma osathandiza, ndipo mawu oitanira munthu sanatuluke. Ndimagona chipinda chimodzi ndi mdala wina wa ku Lesotho, wogwira makina oboola mwala, amene ndimamutcha Ntate. Iyeyo ndiye anamva mluzu wanga. Sanafunse kanthu, anangondibereka kumsana ngati khanda, munthu wa zaka zoposa 50, mpaka ku kiliniki. Ndinagona m'chipatala masiku atatu ndi chopumira kumaso. Anesi anandikalipira monga amayi akalipira mwana woba ndiwo, ndipo ndinalibe poyankha.

Nditabwerera ndinapeza chitofu cha palafini chimene tinkaotha mulibe. Ntate anachipereka kwa mnzake, ndipo fodya wake anayamba kukasutira panja, kuli kozizira chomwecho. Pa bedi langa panali bulangete lake lochindikala la Chisutu. Nditafuna kuthokoza anangoti, "Gona, mfana." Chifanakalo changa n'chochepa, Chinyanja iye sachidziwa, chotero nkhani inathera pomwepo. Koma kalata zake zonse za ku ofesi ndimayamba ndi zimenezo, ndipo amene akuona kukondera andikhululukire.

Pano ndipatuke pang'ono. Inu a pansi, musayese kuti chifuwa chilichonse ndi mphumu n'kumabwereka pampu ya mnzanu. Agogo anga anabwera kuno pa Wenela, nabwerera ndi thaisisi, nthenda ya fumbi la mwala limene likalowa m'mapapo silituluka. Iliponso TB, imene imachizika ndi mankhwala a miyezi isanu ndi umodzi. Mukatsokomola masabata awiri, kutuluka thukuta usiku, kapena kuonda, pitani akakuyeseni. Tsiku limodzi la nchito ndidzakulemberani ine.

Chimene ndinaphunzira kuchiyembekeza ndi kamtengo ka pichesi kali kuseri kwa ofesi. Kumapeto kwa Ogasiti, fumbi likadali kuuluka, iko kamatulutsa maluwa ofiirira kasanaphuke ndi tsamba lomwe. Ndikaona zimenezo ndimadziwa kuti atsala masabata ochepa. Mu Okutobala imagwa mvula yoyamba ndi mabingu ake a masana, yonga chizimalupsa cha kwathu, ndipo fumbi limagona. Tsiku limenelo ndimaima pa khonde ndi kukoka mpweya mpaka pansi pa mimba. Inu amphamvu mumapuma osawerenga, simungadziwe kukoma kwake. Miyezi yotsatira ndimayenda wapansi kupita ku tchalitchi, ndimagwirako pa golo pa mpira wa Lamlungu, ndipo yabuluu imatha masabata osaigwira. Yabulauni yokha ndiye sindiisiyanso, dzinja kaya chisanu.

Tsopano tiri mu Meyi, m'mawa wayamba kuluma zala. Kunena zoona mantha ndiri nawo, monga chaka ndi chaka. Mapampu atsopano ndakatenga kale, bulangete ndaliyanika padzuwa. Ntate akuti mu Disembala apuma nchito, abwerera ku mapiri a kwawo, ndipo bulangetelo wakana kuti ndimubwezere. Amayi atumiza mawu kuti chimanga akolola, ndi kuti malata 18 amene ndinagula ndi ndalama za cholembera ali bwino kuseri kwa nkhokwe. Atsala 12.