Mtchona Amene Sanatchone

Mawu oti mtchona ali ndi chiweruzo m'kati mwake. Tikamati uje anatchona, sitingonena kuti anapita kutali. Timakhala tikumuimba mlandu woti anakomedwa ndi za eni, anapeza mkazi ku Joni kapena ku Halale, nʼkuiwala kumene kunagwera mchombo wake. Mabanja ambiri ku Malawi ali ndi mtchona wawo. Wathu anali atsibweni a mayi anga, mlongo yekhayo wa agogo, amene anachoka ku Mchinji nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itangotha. Anatumiza makalata awiri ndi bulangete limodzi, kenako zii.

Kwa ife Achewa, kusowa kwa malume ndi nkhani yaikulu. Iwo ndiwo mwinimbumba, ndiwo nkhoswe paukwati, ndiwo oyankhula pamlandu wa munda. Agogo anakalamba akunena kuti mlongo wawo anawataya, ndipo ana a m'banja mwathu tinakula tikumva dzina lawo ngati chenjezo: ukapita kutauni usakachite za agogo ako aja.

Nditayamba kuwafufuza pa intaneti, ndinaona msanga kuti mapepala akale sanalembedwe poganizira ife. M'nthawi ya atsamunda, lamulo lolembetsa kubadwa ndi imfa ku Nyasaland linkakakamiza azungu ndi amwenye okha. Lamulo loti Mmalawi aliyense alembedwe linadza mu 2010, ndipo ziphaso za unzika tinayamba kulandira mu 2017. Choncho munthu wakumudzi wa m'ma 1940 amapezeka m'kaundula pokhapokha ngati wina ankafuna kanthu kwa iye: msonkho, thukuta, usilikali kapena ubatizo. Ofufuza makolo ayenera kudzifunsa kuti: kodi ndani anali ndi chifukwa cholembera dzina la munthu ameneyu?

Kwa agogo athu yankho linali migodi. Bungwe la Wenela linkatenga amuna kuno kupita nawo ku migodi ya golide ya ku Transvaal. Mu 1913 boma la South Africa linaletsa kulemba ntchito anthu ochokera kumaiko otentha a kumpoto kuno chifukwa ankafa kwambiri ndi chibayo, koma m'ma 1930 njira inatsegulidwanso. Pofika kumayambiriro kwa ma 1970, Amalawi oposa 100,000 anali m'migodi ya kumeneko, mpaka pamene ndege ya Wenela inagwa ku Francistown mu Epulo 1974 nʼkupha Amalawi oposa 70, ndipo Dr Banda anaimitsa ulendowo. Anthu onsewa ankalembedwa penapake, chifukwa mgodi sungalipire munthu amene sunamuwerenge.

Ndinayambira pa FamilySearch, pamene pali zithunzi za makalata a imfa a ku Transvaal ofika mpaka 1954, ndipo kuwaona ndi kwaulere ukangolembetsa. Vuto loyamba linali dzina. Kulemba Phiri kapena Banda m'bokosi lofufuzira kuli ngati kuima pamsika wa Lizulu nʼkuitana kuti "achimwene": aliyense atembenuka. Komanso munthu mmodzi ankakhala ndi maina angapo: la ubwana, la kudambwe, la ubatizo, ndi lina limene ankadzipatsa kapena kupatsidwa pantchito. Kalaliki wolemba, amene mwina anali Mxhosa kapena Mbunu, ankalemba zimene khutu lake lamva. Phiri ankasanduka Piri kapena Peri, ndipo pa mtundu ankangoti Nyasa, kaya munthuyo ndi Mchewa, Mtonga kapena Myao.

Vuto lachiwiri linali maina a malo. Mchinji simungaipeze m'mapepala a nthawi imeneyo, chifukwa inali Fort Manning. Mangochi inali Fort Johnston, Nsanje inali Port Herald, Chitipa inali Fort Hill, Nkhotakota ankailemba Kota Kota, Thyolo ankati Cholo. Amene abale awo anatengedwa ndi Mthandizi kupita ku Southern Rhodesia ayenera kufufuza Salisbury ndi Wankie, osati Harare ndi Hwange.

Chimene chinatsegula khomo sichinali kompyuta. Anali azakhali ena okalamba a m'mudzi mwathu, amene ali mtsikana ndiwo ankawerengera agogo makalata aja. Ndinawaimbira foni nʼkuwafunsa kuti kumapeto kwa kalata ankasaina bwanji. Anaseka nʼkuti, "Mwanawe, sankalemba dzina la kuno ayi," ndipo anatchula dzina lachizungu limene ine ndinali ndisanalimvepo. Anakumbukiranso tauni imene inali pachidindo cha envulopu.

Ndi zinthu ziwirizo ndinasiya bokosi lofufuzira nʼkuyamba kutsegula zithunzi chimodzichimodzi, usiku uliwonse, bandulo ikalola. Patatha milungu itatu ndinalipeza pepalalo: dzina lachizungu lija, mfunda wathu wolembedwa mopotoka, mawu oti Nyasaland, ntchito ya mumgodi, tauni yomwe ija. Anamwalira ndi chibayo m'chipatala cha pamgodi, chaka chomwe makalata analekera kubwera. Zaka zawo kalaliki anangoyerekeza, monga ankachitira ndi anthu opanda chikalata cha kubadwa.

Pepala limodzi lotere lokha si umboni wokwanira, ndipo ndikuchenjeza aliyense amene mtima ungamuthamangire. Dzina lofanana limanyenga. Ine ndinakhulupirira chifukwa zinthu zinayi zinagwirizana: dzina la pantchito, mfunda, tauni ndi chaka, ndipo zitatu mwa izo ndinazimva pakamwa pa munthu wamoyo ndisanaone pepalalo. Mawu a akuluakulu ndiwo anatsogolera, pepala linangovomereza.

Si onse amene angapeze chotere. Mu 2021 bungwe la Commonwealth War Graves Commission linavomereza kuti anthu osachepera 116,000 amene anafa pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse, ambiri a iwo Aafirika, sanakumbukiridwe ndi maina awo. Mabanja a amtengatenga amene ankasenza katundu wa asilikali a King's African Rifles angafufuze pa intaneti mpaka maso kuwawa osapeza kanthu. Zambiri za kwathu kuno zikadali m'mafayilo a National Archives of Malawi ku Zomba, nyumba imene inatsegulidwa mu 1947, ndiponso m'mabuku a ubatizo a ku Nkhoma, Livingstonia, Likoma ndi Mua. Mbali ina ya mapepala a maboma ndi a mafumu inajambulidwa kudzera mu Endangered Archives Programme ya British Library, koma yochuluka imafuna kuti munthu akwere basi. Kwa ena nkhaniyi ikukhudzanso ndalama: Tshiamiso Trust imalipira amene anadwala matenda a fumbi kapena chifuwa chachikulu m'migodi ina ya golide pakati pa 1965 ndi 2019, ndipo wamasiye wopanda nambala ya ntchito ya mwamuna wake amavutika kuti amveke.

Ife sitinapeze ndalama, ndipo agogo anamwalira kale asanamve. Koma mayi nditawawerengera pepalalo anakhala chete nthawi yaitali, kenako anati, "Ndiye kuti sanatitaye." Anauza abale, anaphika thobwa, ndipo patatha zaka zoposa 70 tinakhala pansi monga amachitira anthu amene aferedwa. Ana a mchemwali wanga tsopano amamva dzina lija popanda chenjezo.

Ngati kwanu kuli mtchona, yambirani kwa wamkulu amene watsala, lero lomwe. Mufunseni maina onse a munthuyo, dzina la nyakwawa ya nthawi imeneyo, mpingo umene ankapemphera, ndi amene anakwera naye galimoto tsiku lochoka. Mapepala a ku Pretoria ndi ku Zomba akhoza kudikira chaka china, koma azakhali a zaka 90 sangadikire.