Kwathu N'kwa Tiyi, Osati Mphesa

Mlendo wodutsa pamsewu wochokera ku Limbe kupita ku Mulanje amachita kaso ndi kubiriwira kwa minda ya tiyi ya ku Thyolo, ndipo kawirikawiri amatamanda dothi. Koma ife amene tinakulira m'nyumba za antchito a pa esiteti timadziwa kuti mwini weniweni wa mindayi ndi thambo.

Ndili mwana ndinkadabwa ndi chinthu chimodzi. Ena mwa azungu amene anatsegula minda kuno, monga a banja la Conforzi, anachokera ku Italy, dziko lotchuka ndi vinyo. Nanga bwanji sanadzaze zitunda zathu ndi mphesa? Yankho lake lagona pa nthawi imene mvula imagwa, osati kuchuluka kwake kokha.

Mpesa ndi mbewu yokonda ludzu pang'ono. Ku Stellenbosch m'dziko la South Africa, kufupi ndi kumene vinyo woyamba wa dzikolo anafinyidwa m'chaka cha 1659, mvula yambiri imagwa m'nyengo yozizira, mitengo itayoyola masamba n'kugona. Zipatso zikamakhwima, kuyambira Januwale kufikira Malichi, kunja kumakhala kuli gwa, dzuwa likuswa mtengo. Dzuwa limenelo ndilo limaunjika shuga m'zipatso, pomwe kuzizira kwa usiku kumasunga kakuwawasa kamene kamakometsa vinyo. Tsono taganizani mpesa womwewo utabzalidwa pa Makwasa. Miyezi imene uyenera kupsa ndi yomwe mvula ya dzinja imakhuthuka usana ndi usiku. Zipatso zikhoza kumwa madzi mpaka kung'aluka, chuku n'kumalizitsa zotsalazo.

Tiyi ndiye amafuna zomwe mpesa umadana nazo: kutentha ndi chinyezi panthawi imodzi. Mlimi wa tiyi sadikira chipatso, amangofuna nsonga yanthete ndi masamba awiri oyandikana nayo. N'chifukwa chake mbewuyi, imene inayamba kulimidwa ngati malonda ku Mulanje m'ma 1890, inakhazikika msanga itafika ku Thyolo, kumene Maclean Kay anayambitsa esiteti ya Satemwa m'chaka cha 1923.

Komabe Thyolo salandira mvula yochuluka ngati Mulanje, ndipo tiyi akanavutika kupirira miyezi yonse ya chilala pakanapanda chiperoni. Mphepo imeneyi imachokera kum'mwera chakum'mawa itasenza chinyezi cha m'nyanja ya mchere ya Indian Ocean, ndipo dzina lake linachokera ku phiri la Chiperone la ku Mozambique. Ikakwera zitunda zathu m'miyezi ya Meyi kufikira Ogasiti imazizira, n'kusanduka nkhungu ndi kamvula kowaza kamene kamatha masiku atatu kapena anayi osaleka. Chodabwitsa n'chakuti nako ku Cape kuli mphepo yochokera mbali yomweyo, imene amaitcha Cape Doctor, koma iyo imaomba m'chilimwe ndipo imaumitsa minda ya mphesa, n'kuchepetsa chuku.

Anafe tinkadana nacho chiperoni. Zovala sizinkauma, nkhuni zinkangofuka utsi, ndipo tinkapita kusukulu mano akugundana. Tikadandaula, amayi ankangoti, "Mwanangu, usachinyoze. Chimenechi ndicho chikusungira nsima ya Disembala."

Iwo ankanena zimene ankazidziwa, pakuti anathyola tiyi kwa zaka zambiri. Gawo lalikulu la tiyi wa m'dziko muno limathyoledwa pakati pa Disembala ndi Epulo. M'miyezi imeneyo amayi ankalawira kusanache, dengu kumsana, atadzikulunga pulasitiki m'chiuno poopa mame, ndipo pofika pasikelo dengulo linkakhala litadzaza kangapo. Fakitale inkalira usiku wonse. Ngongole za pagolosale zinkabwezedwa, ife n'kuona nsapato. Koma mvula ikangodula, tiyi ankachita ulesi kuphuka, kapitawo n'kuyamba kuwerenga mayina a amene ayambe apuma. Mabuku a sukulu amati nyengo imalamulira mbewu. Satiuza kuti imalamuliranso amene adye ndi amene agone ndi njala.

Chaka cha 1992 chinatiphunzitsa zimenezi mopanda chifundo. Mvula inadula pakati pa dzinja m'chigawo chonse cha kum'mwera kwa Africa. Tiyi wamng'ono, amene mizu yake inali isanazame, anauma, ndipo ngakhale wamkulu anachita kufiira pamwamba ngati wawauka ndi moto. Kwathu tinadya nsima ya chimanga chachikasu chothandizira ovutika, titazunguliridwa ndi minda imene sikanatipatsa ngakhale chikonyo chimodzi. Mlimi wa mphesa atha kukondwera ndi chaka chouma pang'ono, poti zipatso zimachepa koma vinyo amakoma. Wothyola tiyi, amene malipiro ake amadalira kulemera kwa dengu, alibe chitonthozo chotere.

Akatswiri a bungwe la Tea Research Foundation ku Mimosa, ku Mulanje, akhala akupanga mitundu ya tiyi yopirira chilala, ndipo maesiteti ena anakumba madamu othiririra. Izi n'zabwino, koma damu limadalira mtsinje, mtsinje nawo umadalira phiri. Nkhalango ya m'phiri la Thyolo, imene inkakola nkhungu ya chiperoni n'kuidonthezera pansi, inagwetsedwa pafupifupi yonse kumapeto kwa zaka za m'ma 1990 ndi kuchiyambi kwa za m'ma 2000. Sindifulumira kuweruza amene anadula mitengoyo, chifukwa ambiri anali anthu osowa polima m'boma limene malo aakulu achonde ali m'manja mwa maesiteti. Koma pamene namondwe wa Freddy anafika m'mwezi wa Malichi 2023, mvula inagwa masiku otsatizana pazitunda zambee, ndipo madzi ofiira ndi katondo anatsetsereka n'kukokolola minda, milatho ndi nyumba za anthu.