Raketi Yofiira ndi Raketi Yobiriwira

Ine ndimakonda masewera a badminton. Kodi munawaonako? Osewera amamenya kampira kopepuka ka nthenga 16. Amakamenya ndi raketi kuti kadumphe neti. Nthawi zina amasewera awiri mbali ino, awiri mbali inayo.

Pamene ndinali kuphunzitsa ku Lusaka, ndinali kusewera pamodzi ndi mng'ono wanga. Ine ndinali kuima kutsogolo, pafupi ndi neti. Iye anali kuima kumbuyo cifukwa ali ndi dzanja lamphamvu.

Tinasunga ndalama kwa miyezi itatu kuti tigule maraketi athuathu. M'sitolo tinapeza maraketi awiri ofanana. Ina inali yofiira, ina yobiriwira. Onse anali aatali cimodzimodzi. Onse analembedwa 4U. Izi zitanthauza kuti raketi ilemera magalamu 80 mpaka 84.

"Ine ndine wamkulu. Yofiira ndi yanga!" ndinatero. Mng'ono wanga anangoti zii, natenga yobiriwira.

Pa Ciweru tinapita kukasewera ndi anzathu awiri. Ayi ndithu, zinativuta! Kampira kanali kubwera mofulumira, koma raketi yanga inali kucedwa kutembenuka. Dzanja langa linayamba kuwawa. Nayenso mng'ono wanga akamenya, kampira sikanali kufika patali. Anzathu anatigonjetsa.

Ndinakwiya. "Iwe, lero wagona kodi?" ndinamufunsa.

"Ayi asisi. Tabweretsani raketi yanu tione," anayankha.

Anagoneka raketi yobiriwira pa cala cake, ndipo inakhazikika bwino. Kenaka anagoneka yofiira, cala cili pa malo ofanana. Yofiira inapendekera kumutu, pafupifupi kugwa!

Apo ndinamvetsa. Maraketi onse anali olemera cimodzimodzi, koma yofiira inali yolemera kumutu. Raketi yotere imamenya mwamphamvu. Ndi yabwino kwa munthu woima kumbuyo. Yobiriwira inali yopepuka kumutu. Imatembenuka msanga, motero imathandiza munthu woima pafupi ndi neti.

Ndinacita manyazi. Ndinasankha ndi maso cabe, ndiponso ndinakalipira mng'ono wanga wosalakwa.

"Pepa mng'ono wanga. Tiye tisinthane," ndinatero.

Iye anaseka. "Nanga mtundu wofiira uja simuufunanso, asisi?"

Pa Ciweru cotsatira tinasewera kawiri. Koyamba tinagonja pang'ono cabe. Kaciwiri tinapambana! Dzanja langa silinawawenso. Raketi yobiriwira ija ndikali nayo mpaka lero.

Mafunso

1. Kodi kampira ka badminton kali ndi nthenga zingati?
2. Ndani anali kuima kumbuyo? Cifukwa ciani?
3. Kodi maraketi awiriwa anali osiyana bwanji?
4. Ndi cifukwa ciani wolemba anacita manyazi?
5. Kodi inu munasankhako cinthu poona mtundu wake cabe? Uzani mnzanu zimene zinacitika.